Kapu yofiira yomangidwa kansalu

Ndinamunamiza Lusungu, ndipo kunena zoona sindinalapebe kwenikweni.

Tinkagona anyamata anayi m'chipinda chimodzi kukoleji, pa Chitipa Boma. Nyengo yozizira, kutatsala sabata imodzi kuti mayeso ayambe, Lusungu anabwera kuchokera kwawo ku Nthalire ndi chigubu cha chindongwa, thobwa lakwawoko. Anabweranso ndi chimfine. Anathira m'kapu imodzi, n'kumwako, n'kuyetsemula, kenako kapuyo inayamba kuzungulira.

Itafika kwa ine, ndinaona mphuno yake ikuchucha. Koma kukana thobwa limene anaphika amayi ake kukanaoneka ngati ndikuwaganizira kuti athiramo mankhwala.

"Mwani waka, anganya," anandikakamiza m'Chitumbuka kuti ndingomwa.

"Ndili ndi zilonda m'kamwa," ndinatero. "Adokotala akuti n'zopatsirana."

Ndinalibe ngakhale kachilonda kamodzi, ndipo kuchipatala ndinali ndisanapondeko chaka chonsecho.

Mawa lake anandigulira kapu yofiira yangayanga, n'kuimanga kansalu kuti wina asaigwire. Nkhani inafika mpaka kuhositelo ya atsikana, ndipo mtsikana amene ndinkamufuna anayamba kundipatsa moni ali patali. Zimenezo zimandiwawabe.

Koma sabata ya mayeso anzanga atatu onse anali chigonere, ine ndili bwinobwino. Ndinkawawiritsira madzi a mandimu ndi jinja, n'kumawawerengera manotsi nditaima pakhomo. Tonse tinakhoza.

Chaka chatha ndinakumana ndi Lusungu pamsika. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Iye anasuzumiramo, n'kunena kuti, "Zinapola bwino, anganya."

Ndinangoti, "Mulungu ndi wabwino."