Dambo la chikande limene ndinalimitsa

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinayang'anitsitsa mapazi a amayi. Anali atang'aluka ndi matope a m'dambo la kwathu ku Nsanama, kumene ankakumba chikande ndi anzawo atatu. Ankachiphika n'kukagulitsa ku Balaka, poti kumeneko n'kouma, sichimera.

Chikande sichidzionetsera. Timasamba tiwiri togona pansi, kaphesi kosafika m'bondo, pamwamba timaluwa tofiirira tondondozana ngati mikanda. Pansi pake pali timbatata, ndipo n'timeneti anthu amadya. Chimamera m'madambo a dothi lakuda, kuyambira ku mapiri a Chikala mpaka kutsidya kwa Nayuchi, koma pamene padutsa khasu la mlimi sichibwereranso. Izi ndinkazidziwa bwinobwino.

Ku Joni ndinkasamala maluwa a bwana wina. Zaka zisanu ndi chimodzi m'kachipinda ka kuseri, Lamlungu lonse kumatha pakamwa nditangotsegula poyasamula. Ndinkasungulumwa koopsa. Tsiku lina mvula itagwa ndinapeza duwa lofanana ndi chikande kunja kwa mpanda, ndipo ine ndi ndevu zangazi ndinalipatsa moni.

Ndalama zitayamba kuoneka ndinalamula mng'ono wanga pafoni kuti alembe aganyu, atipule dambo lathu lonse, adzale mpunga. "Amayi asakumbenso," ndinatero. Ndikaimba, amayi ankangoti, "Mpunga wachita, mwanangu." Mawu amenewo ndiwo ankandidzutsa m'mawa.

Nditabwerera chaka chatha ndinapeza nyumba ya malata, matumba a mpunga mpaka kudenga. Amayi anali pakhonde okha, mapazi osalala. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, palibe anabwera kudzacheza nawo.

"Kodi Abiti Saidi ndi anzanu ena okumba nawo chikande aja ali kuti?" ndinafunsa.

"Amakumba ku Chikala masiku ano. Ine mawondowa sangakwere."

"Osabwera kudzakuonani?"

"Tinkaonerana kudambo. Pakhomo pa munthu ungapite tsiku ndi tsiku wopanda chifukwa?"

Madzulo ake ndinazungulira dambo lonse, m'mphepete monse, kufuna ngakhale tsamba limodzi. Panali ziputu za mpunga zokhazokha. Ndinachita manyazi.

"Bwanji simunandiuze, amayi?" ndinafunsa nditabwerera pakhonde.



"Iyayi. Ukafunsa za mpunga mawu ako ankamveka ngati a munthu wamoyo. Ndinati mmodzi mwa ife akhaleko ndi chomusangalatsa."