Chithunzi chimene amuna anga anabwera nacho ku Scotland

Amuna anga anapita ku Scotland kumsonkhano wa kuntchito. Tsiku lomaliza anawatengera kulinga lakale lamiyala, pamwamba pa phiri, mmene gulu lina la asilikali limasungiramo zinthu zake zakale: mifuti, mbendera zong'ambika, mamendulo. Atabwerera kuno ku Nairobi, m'nyumba mwathu munatha mtendere.

Ine ndinkayembekezera nsapato. Iwo anabwera ndi mbiri ya lingalo, yonse m'mutu, ndi chithunzi chimodzi m'foni. Anachijambula pakhoma la kumeneko: azungu ovala masiketi atakhala pamipando, kumbuyo kwawo asilikali akuda ataimirira.

"Uyu wakumapetoyu ndi agogo anga," anatero. "Taona mphuno."

Mphunoyo inali kadontho chabe, koma ndinavomera kuti tidye.

Timakhala ku Utawala, tonse timagwira ntchito ku Westlands, galimoto ndi imodzi. Ndiye m'mawa uliwonse, tikangoima pa jamu ya magalimoto, ankayamba mbiri ija. Mfumu yakuti inamanga khoma loyamba. Adani anazinga lingalo mpaka anthu kudya mahatchi. Linapsa, analimanganso, linakhalapo ndende, kenaka asilikali analowamo n'kumagona m'zipinda za mafumu. Wogulitsa nthochi akagogoda pazenera, ankamuuza m'Chiswahili kuti "ngoja", adikire kuti amalize kaye za mizinga. Tsiku lina ndinatsika n'kukwera matatu, minibasi ya kuno, mvula ikugwa.

Alendo nawo sanapulumuke. Amalawi anzathu akabwera tikaweruka kutchalitchi, tiyi ankazizira foni ikuyenda m'manja. Mayi wina anandinong'oneza kukhitchini kuti, "Asisi, kodi nkhondo ija lero ithanso?"

Kenaka apongozi anga, amayi awo, anabwera kuchokera kumudzi kudzaonetsa maso kuchipatala. Anawachita opaleshoni, ndipo amuna anga anadikira mpaka mabandeji atachotsedwa. Anasindikiza chithunzicho pachipepala chachikulu n'kuchiika pamiyendo pawo.

"Amayi, mwawazindikira abambo anu?"

Apongozi anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchibweza.

"Ameneyu sindimudziwa. Abambo anga anali aafupi ngati ine. Kunkhondo anapitadi, koma ankasenza katundu, mfuti sanaigwirepo. Iwe, ndalama zonsezi wawonongera mwana wa eni ake?"

Ndinathawira kukhitchini kuti ndikaseke bwino. Koma nditasuzumira, ndinaona amuna anga atangokhala, chipepala chili m'manja, ndipo chisoni chinandigwira pang'ono. M'mawa mwake tikupita kuntchito, anayatsa wailesi. Ndinamva nkhani za pa wailesi koyamba m'miyezi ingapo.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Ayi ndithu. Analembera anthu a kulingako kufunsa kuti, ngati si agogo awo, nanga munthuyu ndani? Anayankhidwa mwaulemu kuti mayina a azungu onse okhala pamipando alipo, koma a oimirira kumbuyo sanalembedwe.

Pamenepo ndiye anapsa mtima zenizeni. Anagula felemu, n'kupachika chithunzicho pabalaza, pamene panali cha ukwati wathu. Ndinawafunsa kuti tikusungiranji munthu wachilendo pakhoma.

"Ali ndi abale kwinakwake," anatero. "Mwina ku Zomba, mwina konkuno. Wina adzabwera muno n'kumuzindikira."

Cha ukwati ndinachibwezera ndekha pamalo pake, msilikaliyo ndinamusunthira pafupi ndi chitseko. Sanatsutse. Anangoti pamenepo m'pabwino koposa, chifukwa aliyense wolowa azimuona asanakhale pansi.