Wosamveka wa Kadziwotche Jazi Bandi

A Lexon Jobu, amene lero amathirira maluwa kunyumba ina ya mpanda ku Area 10, kale anali woimba babatoni. Akakuuzani zimenezi musafulumire kuseka, anthu anawaseka kale mokwanira.

Kwawo ndi ku Nsaru. Sukulu anailekera panjira, koma chimene anachidziwa bwino ndi bokosi lija lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, la mtengo wautali ndi waya mmodzi wosolola m'tayala la galimoto. Woimba amalikhalira pamwamba n'kumamenya wayayo ndi kamtengo, dzanja lina likuyendetsa botolo. Iwo ndi anzawo atatu anapanga gulu n'kulitcha Kadziwotche Jazi Bandi. M'zaka za m'ma 80 jazi kwathu kuno inali imeneyo: banjo yosema okha, ng'oma zokhoma okha, babatoni kumbuyo. Mtsogoleri anali Mackford wa banjo, mnyamata wa mawu okoma ndi mano oyera. Atsikana ankayang'ana Mackford. A Lexon ankayang'ana waya wawo, poti ukaipa dziwa nyimbo.

Chaka china anthu a wailesi anabwera kudzajambula magulu a m'midzi. Maikolofoni inali imodzi yokha, ndipo anaiika pakamwa pa Mackford. Tsiku loti nyimboyo iulutsidwe, mudzi wonse unasonkhana pagolosale kuzungulira kawailesi ka mabatire. Banjo inamveka, ng'oma zinamveka, ngakhale chitsokomolo cha woimba ng'oma chinamveka. Babatoni, zii.

"Kodi inu a Lexon munangopita kukanyamula katundu?" anafunsa mwini golosale, anthu n'kufa nazo nseko.

Dzina loti Wosamveka linayambira pomwepo, ndipo linawamatirira ngati chisoso.

Gululo silinakhalitse. Ng'oma yolira sichedwa kusweka: Mackford anamwalira asanamere imvi, enawo anamutsatira mmodzimmodzi, babatoni anadyedwa ndi chiswe kuseri kwa nkhokwe. A Lexon anakwatira Esnati, mtsikana wa mudzi woyandikana nawo, n'kubwera m'tauni. Ananyamulapo mabelo a kaunjika ku Msika wa Tsoka, anagwirapo ulonda pasitolo ina ku Area 2, kenako msana utayamba kudandaula anapeza ntchito ya maluwa. Dzina lija linakwera nawo basi, chifukwa anthu a ku Nsaru m'tauni muno sasowa.

Chimene anatsala nacho ndi kaseti imodzi, imene mphunzitsi wina anajambula nyimboyo ikuulutsidwa. Anaiyesa pamawailesi angapo a anzawo, koma ponseponse zinali chimodzimodzi. Kenako anaikulunga m'pepala la shuga n'kuiika pansi pa sutikesi, kuopa kuti tsiku lina makina adzaitafuna. Nkhaniyi inkawapweteka, tisanamizane. Zaka zitachuluka, iwo eni anayamba kukayikira ngati tsiku lija anaimbadi kapena manja anauma ndi mantha. Amene akanawachitira umboni onse anali kumanda. Esnati nkhaniyi sankaiyankhapo, ndipo iwo ankati ndi chisoni chabe.

Bwana wawo wa ku Area 10, a Gregory Chitemwa, anapuma ntchito ya muofesi ku City Centre n'kuyamba matenda ena: kutolera mbale zakale za galamafoni. Chipinda chathunthu chinadzaza nazo, mpaka akazi awo anasiya kulowamo. Loweruka lina masana a Lexon akudulira mpanda wa maluwa pansi pa windo, anamva malipenga ndi piyano zikukangana m'katimo.

"Bwana, nyimbo zimenezi ndi za mtundu wanji?"

"Imeneyi ndi jazi, madala."

"Jazi? Nanga banjo ili kuti?"

A Chitemwa anaseka, n'kufotokoza kuti iyi ndi jazi ya ku America, ilibe banjo yosema. Poti munthu wokonda chinthu sachedwa kulalikira, anapitiriza kuti mbale zimene amazinyadira si za oimba otchuka ayi, koma za anthu a kumbuyo, amene mayina awo amalembedwa ting'onoting'ono kuseri kwa chikuto. A Lexon ulalikiwo anangoumva ndi khutu limodzi. Chinawagwira mtima ndi chinthu china chimene chinkagunda pansi pa malipengawo, mpaka galasi la windo kumanjenjemera.

"Nanga chikugunda pansicho?"

"Ndi besi. Pakawailesi kakang'ono simungaimve, imafuna masipika aakulu ngati awa."

A Lexon anamaliza kudulira mpandawo mokhotakhota.

Loweruka lotsatira anabwera ndi kaseti ija m'thumba la malaya. Nsapato anavulira pakhomo, pampando anakana kukhala. A Chitemwa anaitembenuzatembenuza, n'kuipukusa pang'ono ndi pensulo.

"Madala, tepi yakale chonchi imatha kuduka, kapena makina n'kuidya. Ikaduka basi, ndilibe pokaitenga ina. Tiike?"

A Lexon anaiyang'ana kaseti ija. Ina kunalibedi, ndipo mawu a Mackford anatsala m'menemo mokha.

"Ikani, bwana."

Kunayamba phokoso ngati la mvula padenga la malata. Kenako muulutsi anatchula dzina la gulu, banjo inalowa, Mackford n'kuyamba kuimba ngati sanafe. Pansi pa zonsezo panatuluka chinthu cholemera, du, du-du, du, chosaphonya ngakhale pamodzi. Matambula a m'kabati anayamba kugundana. A Lexon anachimva kumapazi chisanafike kumakutu. Chitsokomolo chija chinabwera pamalo pake, koma babatoni sanagwedezeke, anangopitirira.

"Amene wagwira besiyu ndi ndani?" anafunsa a Chitemwa. "Nyimbo yonseyi yatsamira pa iyeyu."

"Ndine, bwana."

A Lexon anakondwa, komanso anamva chisoni kuti anzawo atatu anapita asanamve. Tepiyo inafika kumapeto osaduka. A Chitemwa anati aisamutsira mukompyuta kuti isatayike, ndipo anafunsa mayina a onse anayi.

Madzulo ake a Lexon anafika kunyumba ku Kauma n'kupeza Esnati pakhonde, akusankha tomato wogulitsa mawa. Anafotokoza zonse, za masipika, za matambula, mawu akuthamanga ngati a mwana wochokera kusukulu.

"Ndilimo, mayi a Thoko. Nthawi yonseyi ndinalimo."

Esnati sanadzutse mutu. Anaika tomato wophwanyika pambali.

"Ndiye mpaka mukafunse makina a ku Area 10? Tsiku lojambulalo ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi bokosi lanulo, poti kutsogolo kunadzaza atsikana a Mackford. Ndinkalimva m'mimba muno."

"Nanga osandiuza bwanji zaka zonsezi?"

"Munandifunsapo? Inu mumangofunsa mawailesi."