Manja Ofiira a Mwanamkuu

Kuno ku Tanga mukafunsa za Mwanamkuu wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi doko, aliyense akuuzani kuti ndi uja wa manja ofiira. Hina ameneyo, utoto wofiira wokongoletsera manja a akazi, ndimamulemba ndine, mnansi wake, ndiye nkhaniyi sindinachite kumva kwa munthu.

Amuna ake, a Kibwana, ankaphika m'sitima ya nsomba ya anthu akunja. Achifwamba a panyanja ataigwira cha ku Somalia, maboma a anzawo anathamangathamanga mpaka onse anaomboledwa. A Kibwana anatsala okha, ngati nkhuku yodwala pamsika, yopanda woifunsa.

Boma lathu? Ha! Linatitumizira Bwana Ngonyani, chimimba patsogolo, malaya oyera mbee, wojambula zithunzi pambuyo. Chaka choyamba anati nkhani ili m'manja abwino. Chinacho anati tisauze atolankhani, tingasokoneze zokambirana. Zokambirana zake ziti, munthu wosadziwa n'komwe dzina la sitimayo? Chimene ankachidziwa bwino ndi zitumbuwa za Mwanamkuu, ankadya mpaka kunyambita zala.

Kenako anabwera ndi nzeru zake za kuofesi.

"Mayi, thandizo lilipo, koma ndi la akazi amasiye. Ingokhalani eda basi, ife titseke nkhaniyi."

Eda! Kubindikira m'nyumba, kusiya hina ndi mafuta onunkhira, kuuza mzinda wonse kuti mwamuna wako anamwalira. Mwanamkuu anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Bwana, mtembo mwabwera nawo?"

"Ayi mayi, koma ganizirani anawa."

"Ndiye mukuti amuna angawo ndiwaphe ineyo, poti achifwamba alephera?"

Ngonyani atangochoka, Mwanamkuu anandiitana. "Mnzanga, ndilembe mpaka m'zigongono, ngati mkwatibwi." Kuyambira pamenepo hina akangoyamba kusuluka ndinkapaka wina, kuti aliyense wogula chitumbuwa aone kuti mayiyu ndi wapabanja. Alamu ake anam'nena kuti akusaka amuna. Thandizo lija silinabwere, ndipo mwana wake wamkulu anasiya sukulu n'kuyamba kusenza katundu padoko. Zinkandiwawa, koma Mwanamkuu osagwedezeka.

Patapita zaka, a Kibwana anabwera pa ngalawa ya asodzi a ku Lamu. Achifwamba anangotopa n'kuwadyetsa, n'kuwataya pagombe. Anafika ali mafupa okhaokha, mano atatha, osalankhula, chitseko chikangomenyeka akudzidzimuka. Chimene anachita n'kugwira manja ofiira aja, osawasiya.

M'mawa mwake ndikumupaka Mwanamkuu hina wa chikondwerero, galimoto inaima pakhomo. Ngonyani uja manyazi anawasiya m'mimba mwa mayi ake! Anatsika akumwetulira, wojambula wake pambuyo.

"Mwaona, mayi? Boma silitaya ana ake! Imani apa tijambulitse."

Mwanamkuu anadzuka mwaulemu, hina asanaume, manja ali noninoni. Anam'gwira bwanayo pachifuwa ndi manja onse awiri, n'kutsetsereka nawo pang'onopang'ono mpaka pachimimba paja.

"Zikomo bwana. Mukawaonetse kulikulu, muwauze kuti wamasiye uja akuthokoza."

Wojambula anali atadina kale. Ngonyani anapukuta ndi mpango, koma hina pansalu yoyera ukamam'pukuta ndiye amafalikira. Ali pamphasa, a Kibwana anaseka koyamba chibwerere, m'kamwa mopanda mano.