A Wahab ndi Kamtengo Kofuna Chisanu

A Wahab amayendetsa basi ya ophunzira ku College Park, tauni ya kutsidya kwa nyanja, ndipo aliyense wowadziwa angakuuzeni kuti matenda awo ndi chifundo. Kwawo n'ku Balaka kotentha kuja. Atha zaka khumi kuno, komabe chisanu amadana nacho: mwana wa eni akatsika basi wopanda chipewa, iwo amadandaula tsiku lonse.

Mnzawo woyandikana naye nyumba, a Ferdinand a ku Zambia, ataitanidwa kumudzi kukadwazika mayi awo, anawasungitsa kamtengo kotchedwa bechi. Kanali ka bonsayi, mitengo ija amailera m'kambale, kumaidulira mizu ndi nthambi kuti isakule. Msinkhu wake wosapitirira m'bondo, khungwa loyera mbuu, nthambi zolendewera pansi. A Ferdinand anali atakalera zaka khumi ndi zinayi, ndipo nthambi yaitali ya kumanzere anachita kuipinda okha ndi waya, pang'onopang'ono.

"Muzitilako chabe manzi, mudala," anatero potsanzikana.

A Wahab anathirira mokhulupirika pakhonde pawo. Koma mu Novembala, chisanu chitayamba, masamba anachita chikasu n'kuyoyoka onse, ndipo mtima wawo unangoti myuu. Mitengo ya mumsewu inali itayoyokanso, inde, koma ija ndi ikuluikulu. Aka n'kakhanda. Chinthu cha mwini chifere m'manja mwawo? Anakalowetsa m'nyumba, pafupi ndi hita, n'kufunditsa kambaleko chitenje cha akazi awo, a Saida.

Mu Januwale kanatulutsa timasamba tofooka, totuwa. Bamboyu kunyada! Anajambula chithunzi n'kutumiza ku Zambia, ndipo pasanathe mphindi zisanu foni inalira.

"Mudala, mwachita chani?" anakuwa a Ferdinand. "Uyo mutengo ufunika kugona mu mphepo! Ngati siugona, ufa."

Paja amati chifundo chinapha nkhwali. A Wahab anachita manyazi mpaka chakudya chinawakanika. Anakasamutsira m'galaja yozizira monga anauzidwira, n'kumakazonda m'mawa uliwonse asanapite ku basi. Mu Epulo kanaphuka ndithu, koma nthambi zitatu zinauma, ya kumanzere ija ili pomwepo. Anaidula okha ndi sizasi, kenako anaimba foni n'kuulula osabisa kanthu.

"Amai bakali kudwala, sinibwela manje manje," anatero a Ferdinand. "Sungani. Mwaziba manje."

Chilimwe chonse a Wahab anaphunzira ntchitoyo: kutsina nsonga, kupewa kudulira pamene madzi akukwera mumtengo, kukabisa ku dzuwa la masana. Zonsezo sizinawavute, poti ndi munthu wa manja abwino.

Chovuta chinabwera mu Disembala. Anakwirira kambale m'bokosi la masamba ouma, pakona ya khonde posawomba mphepo, n'kukasiya panja. Tsiku lina atatha swala ya m'mawa, anasuzumira pazenera n'kuona sinowo, chipale choyera chija, itakuta tinthambi tonse. Zinawapweteka kwambiri.

"Bambo, muchedwa kuntchito," anatero a Saida.

Dzanja la a Wahab linali kale pa chitseko cha pakhonde. Anaima choncho nthawi ndithu. Kenako analichotsa, anavala jekete ziwiri, n'kutulukira khomo lakumaso, kamtengo kali pachisanu pomwepo.