Malangizo a Azakhali a Taipi

Aliyense mumsewu umenewo ankawatchula Azakhali a Taipi, ngakhale amene sanali nawo pachibale. Anagwira ntchito yotaipa mu ofesi kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitamera, ndipo anatengako lamulo limodzi: kalata yosatha sipita patebulo la bwana. Ukalakwitsa chilembo, umasolola pepalalo n'kuyambiranso.

Atapuma pantchito, mlongo wawo, wokonza mawailesi, anawapatsa kompyuta yakale. Munali pulogalamu yolembera yaulere, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, wina kukonza apa, wina kulemba malangizo apo. Posakhalitsa amayi a mumsewumo anayamba kubwera pakhonde kudzaphunzira kulemba makalata ofunsira ntchito, ndipo funso lawo linali limodzimodzi: "Azakhali, apa ndidine pati?" Malangizo analipo, koma m'chilankhulo chimene amayiwo sankachimva.

Tsiku lina Azakhali anapita kushopu ya mlongo wawoyo, kumene kunali intaneti, n'kulembera anthu a pulogalamu aja kuti iwo alemba malangizowo m'chilankhulo chakwawo. Yankho linabwera lansangala: takulandirani, tsamba likangotha muzitumiza.

"Mwamva, achemwali?" anatero mlongoyo. "Akuti muzitumiza zidutswazidutswa."

"Zidutswa n'za mawailesi anu akufawa. Ine sindinaperekepo ntchito yatheka."

"Amenewatu si abwana anu andevu aja. Sakuchotsani ntchito."

"Ndiye ndiwapatse zosapsa chifukwa choti ndi anthu abwino? Takonzani wailesi yanuyo, achimwene."

Panali chimene sanauze amayi aja. Dokotala anali atanena kuti shuga wayamba kudya maso awo, ndipo kumene akupitako sabwerera. Ankafuna kuti buku la malangizolo lithe akuonabe, kuti maso akadzatseka amayiwo adzakhale ndi pofunsa.

Ankalembera kunyumba, tebulo ataliika pawindo. Dzuwa likasuntha, nawonso ankakoka tebulo. Chilichonse ankachifotokoza bwinobwino: pamwamba kumanzere pali kachithunzi ka makina osindikizira, dinani pamenepo. Tsamba likatha ankaliyesa pa mayi mmodzi, ndipo mayiyo akasochera ankalilembanso lonse. Zilembo ankazikulitsa mwezi ndi mwezi, mpaka mawu ochepa okha ankadzaza galasi lonse la kompyuta. Kunyumbako kunalibe intaneti, choncho pulogalamu yawo inangokhala mmene inalili. Mvula inagwa, inasiya, inagwanso.

Tsiku lomwe anamaliza anavala ngati akupita ku ofesi. Mlongo wawo anatumiza bukulo, ndipo yankho litabwera amene anawerenga ndi iyeyo, chifukwa Azakhali sankaonanso zilembo zazing'ono. Anayamba mokweza, kenako mawu anatsika.

"Werengani zonse," anatero Azakhali. "Musandidumphire mzere."

Anthuwo anathokoza kwambiri. Anati ntchito yosamala chotere siipezekapezeka. Koma pulogalamuyo inali itasintha: tizithunzi tinasamuka, mabatani ena anachotsedwa, ndipo imene bukulo likufotokoza anthu anasiya kuigwiritsa ntchito. Akanalandira masamba oyamba aja, akanawachenjeza msanga. Anapempha kuti aike yatsopano n'kuonanso tsamba lililonse.

Mlongoyo sananene kuti paja ndinakuuzani. Anangosuntha mawailesi, n'kutsegula pulogalamu yatsopanoyo pa kompyuta ya mushopu, popeza yakale ija sikanaikwanitsa. Azakhali anayandikitsa nkhope mpaka mphuno kukhudza galasi. Ankangoona nkhungu yowala.

"Pamwamba kumanzere pali chiyani?"

"Palibe kanthu, achemwali. Pangoyera."

"Nanga makina osindikizira aja?"

"Mwina ndi aka... ayi, aka kakuoneka ngati kachitseko. Musadandaule, ine ndikhala maso anu."

Anayesadi, masana angapo. Koma munthu wamawailesi ankangoti "kanthu kenakake kobiriwira", ndipo asanamalize kufotokoza pankabwera kasitomala. Azakhali sankalola kulemba chimene sanachione okha, kuopa kusocheretsa anthu. Masana ena sanabwerenso kushopu. Anafunditsa kompyuta yawo nsalu, monga ankachitira ndi makina otaipira nthawi yoweruka.

Masiku ano amakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, zala zikugundagunda zokha ngati zikutaipa. Posachedwapa kunabwera mayi wina wa m'gulu lija, atanyamula kompyuta yobwereka yokhala ndi pulogalamu yatsopano. Kalata yofunsira ntchito anali ataimaliza, kunangotsala kusindikiza.

"Azakhali, apa ndidine pati?"

Azakhali anatambasula dzanja, n'kupapasa galasilo mpaka pakona yapamwamba kumanzere. Chala chinaima pamenepo kwa kanthawi.

"Sindikudziwa, mwanangu," anatero. "Kale panali apa."