Ofelia ndi galimoto yopanda dalaivala

Mlamu wanga Ofelia sakhulupirira chinthu chimene sangachikalipire. N'chifukwa chake magalimoto oyenda okha atachuluka m'misewu ya kwathu kuno ku Phoenix, iye anawatcha mizukwa. Ina ikamudutsa, chiwongolero chikutembenuka popanda wochigwira, ankachita chizindikiro cha mtanda.

Ofelia amaphika buledi. Amalowa ntchito kusanache, amaweruka dzuwa lili paliwombo. Mchimwene wanga anamwalira zaka zisanu zapitazo n'kumusiyira mwana mmodzi, Yaretzi, wazaka khumi ndi zisanu, amene mtima wake wonse uli pa magule a ku Mexico. Gulu lawo limaphunzira kutsidya kwa mzinda Lachiwiri ndi Lachinayi. Ofelia ankakamutenga kusukulu n'kumuperekeza yekha, kaya watopa kaya mutu ukumupweteka. Mwana uyu ndiye maso ake, ndipo ine ndimamukonda mayiyu chifukwa cha liuma lomweli.

Makolo enawo anayamba mmodzimmodzi kukweza ana awo magalimoto aja. Uyu akalola, mnzake naye ankalola. Mapeto ake anatsala awiri okha: Ofelia ndi Socorro, mnzake wa kutchalitchi, mayi wamantha amene salola mwana wake Maritza ngakhale kuyatsa mbaula. Pagulu la makolo la pafoni anthu ankawaseka: "Amayi awiri inu, kodi anawa mudzawaperekeza mpaka kuchikwati?" Ofelia ankati sizimukhudza, koma ankawerenga uthenga uliwonse kawiri.

Tsiku lina Yaretzi anati, "Amayi, amake Maritza avomera."

"Ndani? Socorro? Yemwe uja amawaza madzi odalitsa pamatayala?"

"Omwewo. Mwatsala nokha."

Mawu akuti nokha ndi amene anamulasa. Kufunsa Socorro sakanatha, kuopa kuoneka wotsalira. Anadina chilolezo pafoni uku akung'ung'udza.

Lachinayi anandikoka kuti ndimuperekeze. Tinabisala kuseri kwa sukulu, tikuona Yaretzi ndi Maritza akukwera galimoto yoyera, ndipo tinaitsatira. Inkayenda mwaulemu moti Ofelia anakwiya nayo. "Taonani, ikuima pamzere ngati ikulemba mayeso!"

Pamaloboti achitatu, galimoto ina inaima pambali pathu. Woyendetsa anali atavala magalasi akuda, kolona itakulungidwa padzanja. Ofelia anatsitsa windo.

"Amake Maritza! Mukutani kuno?"

"Nanga inu? Si ndinu munayamba kulola?"

"Ine? Wanga anati mwavomera ndinu!"

"Mayo! Wanganso anati amake Yaretzi alola kale!"

Kumbuyo mahutala anali akulira. Ine ndinaseka mpaka misozi, koma Ofelia anangokweza windo n'kuponda moto.

Titafika pa holo yovinira, Ofelia anatsika injini isanazime. Socorro anakokera wake kumbali. Ofelia anaima patsogolo pa Yaretzi, manja m'chiuno.

"Iwe, ungandinamize ine? Kuyambira lero mzukwawu suukweranso. Ndizikuperekeza ndekha, apo ayi gule watha."

Mwanayo sanathawitse maso. "Ndiye athe basi, amayi. Galimoto yanu sindikweranso."

"Wati chiyani?"

"Mwezi watha munagona panjira kawiri. Koyamba tinali titaima pamaloboti. Kachiwiri tinkayenda, ndinagwira chiwongolero ndine. Munadzidzimuka n'kuyamba kundifunsa za kusukulu ngati palibe chachitika. Bambo ndinataya kale. Ndikufuna muzigona kunyumba, osati pamsewu."

Ofelia anayang'ana pansi, kenako anayang'ana galimoto yoyera ija ikutuluka pachipata mwakachetechete kukatenga ena.

Anatambasula dzanja n'kukonza riboni imene inali itapendekeka m'tsitsi la mwanayo.

"Lowa, wachedwa. Pobwerera mukwere yomweyo. Ukafika undiimbire."

Yaretzi anathamangira m'holo, siketi yake yamitundumitundu ili m'manja. Ofelia anaima pomwepo mpaka chitseko chitatsekeka. Kenako anandiponyera makiyi, chinthu chimene sanachitepo kwa munthu aliyense chimwalirire mwamuna wake.

"Alamu, yendetsani ndinu."

Tisanafike pamaloboti oyamba anali atagona, mutu utatsamira pawindo, foni ataigwira pachifuwa ndi manja onse awiri.